Fungo la M'chipinda cha Makoswe

Pa labotale ina yaing'ono kunja kwa mzinda wa Lahti, nthawi ya khofi inkalemekezedwa kuposa Lamulungu. Ikangokwana, aliyense ankavula chovala chake choyera, kusamba m'manja, n'kukakhala pampando wake wa masiku onse m'kachipinda kodyera. Munthu mmodzi yekha ndiye ankafika khofi atazizira kale, ndipo akafika ankakhala moyang'ana kukhomo ngati pali wina amene akumutsatira. Ameneyu anali Teuvo Rissanen, mwini makoswe.

Makoswewo sanali ake enieni, koma mukanamuuza zimenezo mukanakangana naye mpaka dzuwa kulowa. Fakitale ina yopanga penti inkafuna kuyamba kugwiritsa ntchito mankhwala atsopano osungunulira penti, ndipo boma linkafuna kudziwa ngati amuna opuma nthunzi ya mankhwalawo tsiku ndi tsiku angathe kubereka ana abwinobwino. Funso lotere salifunsa kwa munthu poyamba, amalifunsa kwa khoswe. Choncho Teuvo ankatenga makoswe oyera aamuna, kuwatsekera m'mabokosi agalasi n'kumawapumitsa nthunziyo, ena yambiri, ena yochepa. Gulu lina linkakhala m'chipinda chomwecho koma likupuma mpweya wamba, kuti pakhale poyerekezera. Makoswe a gulu limeneli anthu a pa labotalepo ankawatcha "oyera mtima", poti sankakhudza choipa chilichonse. Pakatha milungu ingapo aamuna onse ankapatsidwa akazi, n'kuona kuti mimba zingati zakhala ndipo zingati zafera m'kati.

Teuvo ntchito ankaidziwa, zimenezo panalibe wotsutsa. Vuto lake linali mtima. Munthu akamupatsa moni mosangalala, iye ankadzifunsa kuti akufuna chiyani kwa ine ameneyu. Akamupatsa mozizira, ankadzifunsa kuti wamva zotani za ine. Munthu wotere amatopa, ndipo amatopetsanso anzake. Koma mwa anthu onse a pa labotalepo, amene Teuvo ankamuyang'ana ndi diso la nkhwezule kwambiri anali mlamu wake, Raili.

Raili anali mkulu wake wa Aulikki, mkazi wa Teuvo, ndipo pa labotalepo ndiye anali dokotala woyeza ziwalo za nyama. Makoswe akaphedwa, ziwalo zawo zoberekera zinkadulidwa tizidutswa topyapyala kuposa khungu la anyezi, n'kumatidwa pa timagalasi kuti Raili ationere pa maikulosikopu. Lamulo la ntchitoyo linali lakuti woyang'ana timagalasi asadziwe kuti aka n'ka khoswe wa gulu liti, kuopa kuti diso lingaone zimene mtima ukufuna. Raili ankangolandira timagalasi tolembedwa manambala, n'kunena zimene waona. Kunena zimene waona ndiye linali khalidwe lake kulikonse, chifukwa pakamwa pake panalibe mpanda. Tsiku la ukwati wa mng'ono wake anaimirira kapu ili m'manja n'kunena kuti, "Aulikki wakwatiwa ndi munthu wokonda makoswe kuposa anthu. Koma poti makoswewo amawasamala bwino, ine ndilibe nkhawa." Anthu anaseka n'kuiwala. Teuvo anaseka nawo, koma sanaiwale.

Kunyumba kwa Teuvo kunali chipinda chimodzi chimene Aulikki anachipaka penti wachikasu ndi manja ake. M'chipindamo munali kabedi kamatabwa ka mwana wakhanda, kamene Raili ndi Aulikki anagonamo onse ali makanda, ndipo ana a Raili anagonamonso. Raili anakabweretsa yekha pa galimoto chaka choyamba cha ukwatiwo, atamva kuti mng'ono wake waima. Mimba ija inapita padera, ndipo kabediko kanatsala pomwepo kudikira. Anthu awiriwa anakwatirana atakula kale, ndiye zaka za Aulikki zinali zikuthamangira ku makumi anayi. Onse awiri ankadziwa kuti nthawi yatsala pang'ono, ngakhale kuti patebulo sankaikamba. Mumtima mwake Teuvo mlandu anali ataugamula kale: vuto linali zaka za mkaziyo. Iye umboni wake anali nawo, mimba ija.

Tsono kudenga la chipinda cha makoswe kunali fani yaikulu yokokera mpweya woipa kunja. Faniyo inali yakale ndipo inkalira ngati thirakitala. Chilimwe chitatha, Teuvo anaona kuti makoswe ake akungodzidzimuka, sakudya bwino, ndipo akapatsidwa akazi akungounjikana pakona. Aliyense wosunga makoswe amadziwa kuti khoswe wamantha sakwatira. Choncho Teuvo anachepetsa mphamvu ya faniyo, ndipo ataona kuti makoswe akhazikika, anaizimitsiratu. Anadziuza kuti mabokosi ali ndi mphira wolimba m'mphepete, nthunzi ilibe potulukira. Sanauze munthu, chifukwa ankadziwa kuti akangonena, pabwera misonkhano ndi zidzudzulo.

Tsiku lina chisanu chitayamba kugwa, Raili anamupeza m'kachipinda kodyera akutafuna buledi wakuda yekhayekha.

"Alamu, mukamaliza khofi wanu wozizirayo mubwere kwanga. Pali zimene zandiimitsa mutu."

Teuvo anapita, koma anaima pakhomo manja ali m'thumba.

"Lowani, sindiluma," anatero Raili. "Timagalasi tonse munandipatsa tija ndatiyang'ana. Palibe khoswe wabwinobwino ngakhale mmodzi."

"Ndiye kuti mankhwalawo ndi oopsa. Si zomwe tikufufuzazo?"

"Mwandimva koma? Ndati ngakhale mmodzi. Nanga oyera mtima anu ali kuti? Ine sindikudziwa kuti ndi ati, ndipo musandiuze. Koma pagulu lonseli payenera kupezeka ena odzaza mbewu thothotho. Taonani nokha apa. Ena zawonongeka kwambiri, ena pang'ono, koma wosakhudzidwa palibe."

"Mwina anyamata anu odula ziwalo anaononga."

"Ndinadula ndekha kachiwiri. Alamu, ngati oyera mtima akudwala, ndiye kuti mankhwalawo ali mumpweya wa chipinda chonse. Ndipo m'chipinda chimenecho muli khoswe mmodzi wamkulu wa miyendo iwiri amene amakhalamo tsiku lonse."

Raili anaimirira, namuyandikira n'kununkhiza phewa lake mopanda manyazi.

"Juzi yanuyi ikununkhira ngati maswiti. Inu simukumva chifukwa mphuno yazolowera. Aulikki anandiuza kuti amachita kuichapa payokha."

Mawu omaliza aja ndi amene anaononga zonse. Zina zija Teuvo mwina akanazilingalira, poti anali munthu wophunzira. Koma atangomva kuti mkazi wake ndi mlamu wake amakhala pansi n'kumakambirana za zovala zake, makutu anatsekeka.

"Musalowenso m'menemuja mpaka tiitane anthu adzapime mpweya," Raili anapitiriza, mawu atawatsitsa. "Ndipo mukayezetse kuchipatala. Si zochititsa manyazi ayi. Inu ndi Aulikki mukufuna mwana, ndiye..."

"Za m'nyumba mwanga zisiyeni m'nyumba mwanga," anatero Teuvo, n'kutuluka.

Akuyenda m'khonde muja, zonse zinamuonekera poyera, monga zimaonekera kwa munthu wokayikira. Ndi kameneka kampeni kamene kanali kumphasa! Mayi uja waona kuti mng'ono wake akukalamba wopanda mwana, ndiye akufuna kuchotsa chitonzo pa banja lawo n'kuchisenzetsa mkamwini. Akufuna abale onse azinong'onezana kuti Aulikki alibe vuto, wogwa mu mpapaya ndi Teuvo. Ndipo pofuna kuti bodzalo likhale ndi miyendo, waononga timagalasi. N'zovuta kodi? Kungosinthanitsa manambala, kapena kusiya tizidutswa m'mankhwala nthawi yaitali. Mwala umodzi mbalame ziwiri: ntchito yake ya chaka chathunthu itayidwe, ndipo umuna wake usekedwe.

Madzulo Aulikki anaphika nsomba ndi mbatata. Teuvo anadya osakweza maso, kenako anaika foloko pansi.

"Kodi za m'nyumba muno zimakambidwa kwa akulu ako?"

"Ziti?"

"Za juzi yanga."

Aulikki anaseka. "Ya fungo ija? Ndinangowafunsa sopo wabwino. Imanunkhitsa zovala zanga zonse."

"Lero juzi. Mawa mukambirana za buluku, mkuja za m'kati mwa buluku."

Kuseka kuja kunatha. Aulikki anali mphunzitsi wa ana aang'ono, munthu wofatsa, koma ofatsa nawonso amakhala ndi polekezera.

"Teuvo, ine ndagonekedwa kangati pa mabedi a madokotala? Andibaya, andiunika, andifunsa zimene mayi anga sanandifunsepo. Inu kungopita kamodzi kokha, kwavuta pati?"

"Ine ndipitirenji? Nanga mimba ija inagwa kumwamba?"

"Imene ija inali musanayambe ntchito ya mankhwala amenewa."

Pakamwa panali pa mkazi wake, koma Teuvo ankamva mawu a Raili.

"Wakuphunzitsa bwino," anatero, n'kunyamuka kukakoleza moto wa sauna, kachipinda kosambiramo nthunzi yotentha, ngakhale kuti silinali Loweruka, tsiku lake la sauna.

Mawa lake Raili anapita kwa mkulu wa labotaleyo, a Kemppainen, kukapempha kuti mpweya upimidwe. A Kemppainen anali bambo wokalamba amene ankangowerengera nthawi yopuma pa ntchito kuti akawedze nsomba, ndipo mikangano ankaiopa ngati moto. Anavomera, naitana opima mpweya, ndipo mwaulemu wawo anadziwitsa Teuvo tsiku limene anthuwo abwere. Dzulo lake la tsikulo Teuvo anayatsa fani. Sanaone ngati akubisa kanthu. Anangofuna kuti asamudzudzule pa nkhani ya kazimitsidwe, imene kwa iye inali yosagwirizana ndi mlandu. Fani ija inalira usana ndi usiku, ndipo opima atabwera ndi timakina tawo anapeza mpweya uli bwino ndithu. Atangotuluka pageti, Teuvo anaizimitsanso.

Chodabwitsa n'chakuti zotsatira zimene iye mwini anazikonza, anazikhulupirira ndi mtima wonse. Ankayenda m'khonde chifuwa chili patsogolo. Anapita kwa a Kemppainen n'kunena kuti, "Bwana, mwaona nokha. Mpweya ulibe vuto. Ndiye vuto lili pa timagalasi, ndipo timagalasi tadutsa m'manja mwa munthu mmodzi. Sindikunena kuti wachita dala, koma ine ndi alamu anga tili ndi zathu za kubanja. Ndiloleni ndiyambirenso ndi makoswe atsopano, ndipo timagalasi tipite ku mzinda wa Turku, kwa munthu wosandidziwa."

A Kemppainen anakanda m'mutu. "Raili wagwira ntchito muno zaka zambiri, sanalakwitsepo."

"Ndiye akhala wokondwa kuti munthu wina amutsimikizire."

Mkuluyo anavomera, kuti mtendere ukhalepo.

Apa m'pamene Teuvo anapala moto kudambwe. Anaganiza kuti ngati mlamu wake anatha kuononga timagalasi, angathenso kulowa m'chipinda n'kuwachita chipongwe makoswe amoyo, kapena kutuma munthu. Choncho anasintha loko wa chitseko, kiyi n'kumayenda naye m'khosi. Amayi amene ankasesa ndi kuchapa makola anawaletsa kulowa. Wothandiza kudyetsa makoswe anamubweza ku ntchito zina. Zonse ankachita yekha: kudyetsa, kusintha utuchi, kuthira mankhwala m'makina, kupukuta mabokosi. Kale ankalowa ndi kutuluka, koma tsopano anaikamo mpando ndi tebulo, n'kumalembera momwemo. Kukhofi anasiya kupita, poopa kuti akachoka wina ayesa loko. Mazenera anali otseka chifukwa cha chisanu, fani ili chete, makoswe akudya ndi kugona mwamtendere, ndipo mwini wawo atakhala pakati pawo kuwalondera kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Mutu unayamba kumuwawa. Iye anati ndi mdima wa nyengo yozizira. Anayamba kutopa msanga, akakwera masitepe n'kumapuma wefuwefu. Anati ndi ukalamba ndi mikangano ya akazi. Munthu wosafuna kuona chinthu sasowa chifukwa china.

Khirisimasi ya chaka chimenecho sanapite kwa Raili monga mwa mwambo wawo. Aulikki anapita yekha kukayatsa makandulo kumanda a makolo ake pamodzi ndi mkulu wake, ndipo atabwerako Teuvo anamufunsa mafunso ngati wapolisi. Munakhala nthawi yaitali bwanji? Dzina langa linatchulidwa? Anaseka ndani? Aulikki anangovula nsapato zake n'kukalowa m'chipinda chachikasu chija, chitseko n'kutseka.

Chaka chatsopano chitalowa, Raili anamudikira poimika magalimoto. Teuvo ankapala chisanu pagalasi la galimoto yake pamene anamva mapazi kumbuyo.

"Alamu, imani kaye. Sindikufuna kukangana."

"Ndiye musalankhule."

"Ndilankhula basi, mukundidziwa. Kundida mundide, palibe kanthu. Mwandichotsera ulemu pamaso pa anzanga, ndazimeza. Koma taonani nkhope yanu pagalasipo, mwayera ngati pepala. Amayi osesa aja akuti akadutsa pakhomo panu samvanso kulira kwa fani. Ndi zoona?"

Teuvo anasiya kupala. Ndiye kuti waika akazitape!

"Mwayamba kutuma anthu kuti azimvetsera pazitseko?"

"Ndi zoona kapena ayi?"

"Mpweya unapimidwa. Munaona nokha zotsatira."

"Ndinaona, ndipo sindinazimvetse. Lero ndayamba kuzimvetsa." Raili anatulutsa chophimba kumaso chokhala ndi sefa m'chikwama chake n'kuchiika pamwamba pa galimoto. "Valani ichi, ngakhale mobisa, ine ndisadziwe. Tamverani, zimenezi ndimaziona pa magalasi tsiku lililonse. Mwamuna akachotsedwa msanga pa mankhwala otere, mbewu imabwerera, chifukwa mizu imakhala ikadalipo. Koma akapitiriza, mizu yomwe imafa, ndipo ikafa yafa. Sindikunena za makoswe."

"Mukufuna ndivale chimenechi kuti labotale yonse ione kuti Raili ananena zoona?"

"Ndikufuna mng'ono wanga anyamule mwana wake, munthu wouma mutu inu!"

"Mng'ono wanuyo akanakwatiwa msanga," anatero Teuvo.

Raili anatembenuka n'kumapita. Tsiku lomwelo anapita kwa a Kemppainen kukanena za fani. Mkuluyo anagogoda pachitseko cha makoswe, Teuvo anatsegula pang'ono n'kunena kuti amaizimitsa nthawi zina pokhapokha makoswe akamakwatirana, ndipo nkhani inathera pakhomo pomwepo. Chophimba kumaso chija Teuvo anachitembenuza uku ndi uku, kuchinunkhiza ngati mwina muli kanthu, n'kuchiponya m'bini.

Chisanu chinayamba kusungunuka. Makoswe achiwiri aja anaphedwa, Teuvo anadula yekha ziwalo, anamata yekha timagalasi, analemba yekha manambala, ndipo bokosi analiperekeza yekha pa sitima mpaka ku Turku. Panalibe dzanja la munthu wina limene linakhudzapo. Ntchito itatha anapuma masiku a Pasaka, kwa nthawi yoyamba chiyambire nyengo yozizira, ali ndi mtima wa munthu amene akudikira kupambana mlandu. Ankakonzeratu mawu amene adzanene m'kachipinda ka khofi, anthu onse ali pomwepo.

Tchuthi chitatha, foni inalira mu ofesi. Anali dokotala wa ku Turku uja, bambo wa mawu aulemu amene Raili sankamudziwa n'komwe.

"Bambo Rissanen, pepani kukuvutitsani. Ndikuganiza kuti pachitika kuiwala pang'ono. Makoswe oyerekezera simunanditumizire."

"Ndinatumiza onse."

"Ayi, sizingatheke. Pa timagalasi tonseti palibe khoswe wabwinobwino ngakhale mmodzi. Ambiri mulibiretu kanthu, ngakhale mizu ya mbewu sindikuiona. Ngati oyerekezera ali pomwepa, ndiye kuti anapuma nawo mankhwalawo, ndipo anapuma ambiri. Kodi chipinda chanucho chili bwino? Mumagwira ntchito anthu angati m'menemo?"

Teuvo anapanikiza foni kukhutu. Maganizo ake anathamanga uku ndi uku kufunafuna munthu woti amuloze chala, monga ankachitira moyo wake wonse. Kodi Raili anamuimbira foni bamboyu? Sankadziwa dzina lake. Kodi analowa m'chipinda? Kiyi anali pachifuwa pake, akumumva kuzizira. Kwa nthawi yoyamba anafufuza mdani n'kusowa, ndipo anachita mantha.

"Ndimagwira ndekha," anayankha motsitsa.

Anatsika masitepe, natsegula chitseko chija. Mphuno yake inali itapuma masiku angapo, ndiye fungo linamumenya kumaso: fungo lotsekemera ngati la maswiti, lodzaza chipinda chonse. Anagwada pansi n'kupisa dzanja kunsi kwa bokosi loyamba. Mphira umene ankaudalira uja unali utafewa ngati phala, ndipo unamatirira ku zala zake. Mankhwala osungunulira penti anali atasungunulanso mphira. Anayang'ana bokosi lachiwiri ndi lachitatu, zonse chimodzimodzi. Anadzuka n'kuyatsa fani. Inalira ngati thirakitala m'chipinda chopanda khoswe ndi mmodzi yemwe, ndipo iye anaima pomwepo akuimvetsera.

Kuchipatala anapita yekha, osauza Aulikki. Dokotala ataona zotsatira anati, "Tisafulumire. Thupi nthawi zina limadzikonza. Musayandikirenso mankhwalawo, mubwerenso pakapita miyezi." Teuvo anauza mkazi wake madzulo omwewo, ataimirira pakhomo la kukhitchini ngati mwana wasukulu. Aulikki sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Fani ija munaizimitsadi?" Iye anagwedeza mutu. Mkaziyo anapukuta mbale imene inali m'manja mwake nthawi yaitali, ngakhale inali itauma kale.

Chilimwe chimenecho Teuvo anachita zonse zimene anauzidwa ndi zina zimene sanauzidwe. Anasiya sauna, anasiya mowa, njinga anaipachika, mavitamini ankamwa ngati chakudya. Magazi ake anabwerera mwakale, nkhope inayambanso kuoneka ya munthu, mutu unasiya kuwawa. Anayamba kukhala ndi chiyembekezo. Masamba atayamba kuyoyoka anabwerera kuchipatala, ulendo uno ali ndi Aulikki, ndipo anayezedwa kawiri, kenako anamudula kachidutswa kakang'ono kuti akaone pa galasi, monga iye ankachitira ndi makoswe.

Dokotala sanazungulire. "Bambo Rissanen, inu ntchito imeneyi mumaidziwa, ndiye sindikunamizani. Mizu inatha. Sindikuona chimene chingabwerere."

"Nanga ndikanabwera msanga?" anafunsa Teuvo. Yankho ankalidziwa, koma ankafuna limupweteke kuchokera pakamwa pa munthu wina.

"Mwati fungo linayamba kumveka chisanu chisanagwe? Nthawi imeneyo, mwina mpaka chaka chatsopano, ndikanakuuzani kuti mupume miyezi ingapo basi. Chimene chakupwetekani ndi miyezi imene munadzitsekera muja." Dokotala anatembenukira kwa Aulikki. "Mayi, inu zanu zonse zili bwino. Zinali bwino kuyambira kale."

Pobwerera kunyumba sanalankhulane. Aulikki ankayang'ana pazenera, misozi ikutsika yokha, osaipukuta. Teuvo akanakonda atamutukwana.

Zimene zinamuchitikira Teuvo zinamveka, ndipo mankhwala aja sanaloledwe kulowa m'fakitale. Amuna opanga penti, amene sanamuonepo n'komwe, anapitiriza kubereka ana awo. A Kemppainen anapuma pa ntchito msanga kuposa mmene ankafunira. Teuvo anasamutsidwira ku ofesi ya mapepala, ndipo anayambanso kubwera kukhofi, koma ankakhala atafulatira chitseko, poti panalibenso woti amuope. Raili akalowa, iye ankagwetsa nkhope, ndipo Raili naye sankamuyamba.

Tsiku lina Loweruka m'mawa, Aulikki anaima pakhomo la chipinda chachikasu n'kunena kuti, "Mwana wamkulu wa achemwali ndi woyembekezera. Kabedi aka kakufunika kumeneko."

"Ndiitane galimoto yonyamula katundu?"

"Ayi. Mukapereke nokha."

Teuvo anakanyamula. Kanali kopepuka kwambiri, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kakanakhala kolemera. Anakaika kumbuyo kwa galimoto, nayendetsa kudutsa mzinda wonse, n'kukwera nako masitepe a nyumba ya mlamu wake atakakumbatira pachifuwa. Raili atatsegula chitseko anayang'ana kabediko, n'kuyang'ana munthu amene wakanyamula.

"Alamu," anatero Teuvo, "khoswe wamkulu uja wabwera. Nenani zonse zimene muli nazo, ndimva."

Ankayembekezera mkwapulo, poti pakamwa paja ankapadziwa. Koma Raili, mayi wosasowa chonena uja, anagwira m'mphepete mwa kabediko n'kuyamba kulira.

"Ndinkapemphera kuti ndikhale wabodza," anatero. "Tsiku lililonse ndinkafuna munthu wa ku Turku uja anene kuti Raili wakalamba, maso ake atha. Ndikanavomera manyazi amenewo ndi manja awiri. Lowani, khofi akadali wotentha."

Teuvo analowa, nakaika kabediko pakona pamene anamulozera. Nyengo yonse yozizira anali atalondera chitseko kuopa munthu yekhayo amene ankafuna kumutulutsa m'chipinda chija ali wathunthu. Mawu a mlamu wake ankawawa, n'zoona, ndipo anali opanda shuga. Koma anthu amene ankamusekerera ndi kumuvomereza kuti mtendere ukhalepo sanamupulumutse, ndipo nthunzi imene inamulanda ana inkanunkhira ngati maswiti. Akuluakulu sananame pamene anati wakutsina khutu ndi mnansi.